Mwana wakhoza matric ku South Africa koma alibe ID, tipange bwanji abale?

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Pepani ndilemba zambiri mutu wanga sukugwira. Mwana wanga wamkazi uja zotsatira za matric, mayeso omaliza a sekondale kuno, zatuluka wakhoza bwino zedi, bachelor pass ndi ma distinction awiri, Accounting ndi Life Sciences. Tsiku lotuluka zotsatira anthu a pa yadi pano amavina kumanditchula kuti make dokotala koma ine usiku wake sindinagone. Mwanayu anabadwira konkuno ku South Africa 2007, ine ndinabwera 2005 pa basi, masiku 30 aja anatha kalekale pasipoti nayo inatha sindinakonzetsenso. Iye alibe ID alibe pasipoti, chomwe ndili nacho ndi kadi ya sikelo ya ku kiliniki ija basi. Yunivesite ina inamusungira malo chaka chatha, fomu ya pa intaneti anamuthandiza aphunzitsi ake, ndiye lero wapita kokalembetsa amuuza kuti apite ku ofesi ya ana akunja, kumeneko akuti abweretse pasipoti ndi study visa. Wangofika kulowa kuchipinda, nsima ili pa tebulo mpaka pano sanaikhudze. Amene mukudziwa njira ndithandizeni chonde

Nachisale wa ku Tembisa: Iiii mayi pepani. Koma poyamba tiyamike kaye, ma distinction awiri si masewera, wanga uyu Maths Lit yomweyi imamugwetsa

Che Jafali Telala: Mwana wanzeru ameneyo Mulungu amusunge. Koma matric analemba bwanji opanda ID, ine ndimaona ngati salola

Make Tadala: Analola Che Jafali, tinakalumbira afidaviti ku polisi ahedi anatilembera kalata, mayeso analemba ngati wina aliyense. Ndiye ine ndinkaona ngati poti matric yadutsa basi zonse zidzadutsa chimodzimodzi

Aphunzitsi ku Cape: Apo ndi pomwe makolo ambiri timagwera mbuna mayi, si inu nokha. Ndifotokoze pang'ono mmene ndikudziwira, ine si loya koma ndaperekezapo ana angapo a kutchalitchi kwathu pa nkhani yomweyi. Sukulu ya pulayimale ndi sekondale dziko lino mwana aliyense ali ndi ufulu, kaya ali ndi pepala kaya alibe, zili mu gawo 29 la malamulo akulu a dziko. Mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda ku Eastern Cape linagamula mlandu wa ana 37 omwe anachotsedwa kapena kukanizidwa sukulu chifukwa cha mapepala, linati zimenezo nzolakwika, afidaviti ikwanira. Nchifukwa chake mwana wanu anafika mpaka Grade 12 popanda womuthamangitsa. Koma chigamulo chija chimathera pa geti ya sekondale. Akangoti yunivesite kapena koleji, lamulo lomwe limadzuka ndi Immigration Act ya 2002, limaletsa sukulu kuphunzitsa munthu yemwe alibe chilolezo chokhala mdziko, limaletsanso bwana kumulemba ntchito. Ndiye mayi wa pa kauntala uja sikuti ndi nkhanza zake ayi, kompyuta yake ikufuna nambala ya ID ya manambala 13 kapena pasipoti yokhala ndi visa, popanda zimenezo batani lake silidinika

Nachisale wa ku Tembisa: Nanga NSFAS, thandizo la boma la fizi lija, sangamuthandize poti wakhoza chonchi

Aphunzitsi ku Cape: NSFAS ndi ya nzika ndi omwe ali ndi permanent residence, ndipo pakhomo ndalama zisapitirire R350,000 pa chaka. Ku ndalamako mayiwa akukwanira bwinobwino kkk koma ku unzikako ndiye khomo lotseka. Ma bursary ambiri a makampani nawonso mzere woyamba pa fomu ndi ID

Mjomba Area 25: Ine ndinena zoona ngakhale zikuwaweni. Mwanayo mtumizeni kuno. Ndi Mmalawi ameneyo, make Mmalawi bambo ake Mmalawi, kuno palibe amene adzamufunse pemiti. Mayunivesite aboma alipo 6, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI, MUST, kuwonjezera makoleji a CHAM a unamwino. Muzivutikiranji mdziko la eni anthu akukuthamangitsani ndi mzipatala momwe. Mumathawa kwanu mukuti kuli umphawi, pano ana anu asanduka opanda kwawo, walira mvula walira matope

Nachisale wa ku Tembisa: Amjomba mwambi wanuwo usungeni kaye, munthu akulira inu mukuponya miyambi. Ndalama zomwe mumalandira pa Mukuru mwezi ndi mwezi zimachokera kumatope komweko

Che Jafali Telala: kkkkkk Nachisale wayatsa moto

Mjomba Area 25: Ine sindilandira za munthu, ndili ndi hadiweya yanga

Adimini: Tiyeni tikhale pa nkhani abale

Make Tadala: Amjomba sindikukana, ndinaganizapo zimenezo. Koma mwanayu ku Malawi sanapondeko ngakhale kamodzi. Agogo ake ku Ntcheu amawadziwira pa video call, Chichewa amamva koma akamayankha amasakaniza ndi Chizulu mpaka agogo akewo amangoseka. Ndimutumize kwa ndani? Amayi anga ndi okalamba akukhala ndi adzukulu 5 kale. Bambo ake anatisiya 2021 nthawi ya covid ija, tinawaika konkuno ndalama yonyamulira maliro inalibe

Mjomba Area 25: Pepani mayi sindimadziwa za malirozo

Bho Man 012: Masteni lowani ku inbox, ndili ndi munthu wamkati amatulutsa ID ya green book mu sabata ziwiri, R8,000 yokha theka poyamba theka mukalandira. Ambiri ndawathandiza

Adimini: Bho Man uthenga umenewo ufufute wekha ndisanakuchotse. Gulu lino si la madobadoba

Madala Phiri Germiston: Adimini musafufute msanga, asiyeni anthu awone kenako amve nkhani yanga. Mphwanga mwana wa mchemwali wanga tinamugulira ID yoteroyo zaka zapitazo, tinasonkherana banja lonse. Inali ndi dzina la munthu wina, chithunzi chokha ndi chake. Analowa nayo koleji, anaphunzira za magetsi zaka zitatu, anakhoza, anapeza ntchito pa kampani ina yabwino ndithu yopatsa ndi yunifomu ndi nsapato za sefite. Tsiku lina akupita kukatenga ndalama khadi yakana, kulowa mkati akuti nambala yanuyi yatsekedwa, mwini wake weniweni wa nambala anatulukira ku Limpopo akufuna kukwatira anapeza kuti iyeyo akuoneka kuti ali pa ntchito ku Germiston. Mnyamata anathawa osatenga ndi malipiro omwe. Pano satifiketi yake ili mu sutikesi ili ndi dzina lomwe si lake, sangaionetse kuno sangaionetse ku Malawi, zaka zitatu anaphunzirira munthu wina. Akumanga mawaya m'mashaki mwa anthu pa R150. Ndiye mayi ngati muli ndi R8,000 gulani nayo chakudya bola

Bho Man 012: Ameneyo anapita kwa ma fake, wanga ndi original

Adimini: Wachotsedwa

Che Jafali Telala: Original wapita kkkk

Sisi Grace Indiana: Moni nonse, kuno kukadali mmawa ndangoweruka night shift ndawerenga zonse. Make Tadala mtima wanga wasweka chifukwa zomwe mukunenazi ndi zomwezo za kuno ku America, anthu kumudzi amaona ngati kuno nkumwamba. Kunonso khoti lalikulu linagamula kalekale 1982, mlandu wa Plyler, kuti mwana wopanda mapepala asakanizidwe sukulu mpaka Grade 12. Ndiye mwana amakula akunena lumbiro la mbendera ya dziko lino ku sukulu, Chingerezi cha mmphuno, osadziwa kanthu, tsiku lomwe amadziwa ndi pomwe anzake akutenga laisensi ya galimoto ali ndi zaka 16 kapena akulemba fomu ya FAFSA ya thandizo la fizi, pamafunika social security number iye alibe, amapita kwa make kukafunsa ndiye make amayamba kulira. Ndinaziona ndi maso pa mwana wa mnzanga yemwe anabwera naye ali ndi zaka 4 pa visa yoyendera. Obama 2012 anayambitsa DACA, imapatsa chilolezo chogwira ntchito cha zaka ziwiri ziwiri ndi kukuteteza kuti asakuthamangitse, koma umayenera kukhala kuti unalowa usanakwane zaka 16 ndipo wakhala muno kuyambira June 2007. Mwana wa mnzangayo analowa 2009, anaphonya ndi zaka ziwiri basi. Ndipo kuyambira 2021 khoti la ku Texas linaimitsa zovomereza atsopano, akale okha ndi omwe akukonzetsa. DREAM Act yomwe ikanawapatsa njira ya unzika inalowa mu nyumba ya malamulo koyamba 2001 mpaka lero sinadutse, ana omwe ankaiyembekezera pano ali ndi ana awo. Kusiyana kwake nkwakuti kuno ma state ena ngati California amawalola kulipira fizi ya eni dera, Texas inkalolanso kuyambira 2001 koma 2025 anazithetsa. Komanso kuno wobadwira konkuno amakhala nzika, Tadala akanabadwira kuno bwenzi tikukamba zina

Nachisale wa ku Tembisa: Ndiye mwana wa mnzanuyo anatani asisi

Sisi Grace Indiana: Amaphunzira ka kosi kamodzi kamodzi ku community college akapeza ndalama, masana amatsuka mbale pa lesitilanti ya anthu ena omwe amamulipira pamanja. Ankafuna unesi. Ngakhale atamaliza, pofuna ntchito ku chipatala adzamufunsa pepala lomwelo

Aphunzitsi ku Cape: Sisi Grace mwakhudza penipeni. Kuno kubadwira sikukupatsa unzika pokhapokha kholo limodzi likhale nzika. KOMA Make Tadala tamverani bwino apa, pali kakhomo kena komwe anthu ambiri sakudziwa. Citizenship Act gawo 4(3), linayamba kugwira ntchito January 2013. Limati mwana wobadwira mu South Africa kwa makolo akunja, ngati wakhala muno kuyambira tsiku lobadwa mpaka kukwana zaka 18, ndipo kubadwa kwake kunalembetsedwa mwalamulo, ali ndi ufulu wopempha unzika. A Home Affairs ankakana kuti lamuloli likukhudza obadwa 2013 kupita mtsogolo okha, ndiye achinyamata ena anawatengera ku khoti, mlandu wa Ali, Supreme Court of Appeal 2018 inati ayi, ngakhale obadwa kale akukhudzidwa. Kenako panabweranso mlandu wa anyamata awiri apachibale a Jose, makolo awo ochokera ku Angola, nawonso anawina. Ndiye ndikufunseni, zaka 18 wakwana? Ndipo mwati sanatulukepo mdziko muno?

Make Tadala: Anakwana October. Sanatulukepo olo pa Beitbridge sakupadziwa

Aphunzitsi ku Cape: Ziwirizo zili bwino. Chotsala ndi chachitatu chomwe chimagwetsa ambiri, birth certificate. Kadi ya sikelo si birth certificate. Kapepala komwe amapereka ku chipatala pobadwa nakonso ndi umboni chabe woti mukalembetsere, kumayenera kupita nako ku ofesi pasanathe masiku 30. Ana a makolo akunja amawapatsa satifiketi yolemba pamanja yopanda nambala ya ID, anthu amainyoza koma pa nkhani iyi ndi golide. Munalembetsa?

Make Tadala: Aphunzitsi ine ndinachira ndi opaleshoni ndinagona sabata ziwiri, zamapepala ankayendetsa ndi malemu. Ndikukumbuka anapitako kwinakwake kawiri konse nkubwera akudandaula za mzere, koma ngati anapatsidwa kanthu sindikudziwa. Ine ndekha kupita ku ofesi imeneyo ndinkaopa, ndimati ndikangolowa andigwira ndikathera ku Lindela kosungira anthu oti abwezedwe kwawo, mwana atsala ndi ndani. Ku sukulu Grade 1 anangolandira kadi ya sikelo ija

Nachisale wa ku Tembisa: Mantha amenewo tonse tinali nawo. Ine wachiwiriyu ndinapita ndithu ndi kapepala ka chipatala, ndinadzuka 4 koloko, pofika pa windo mayi wake anangoyang'ana pasipoti yanga nkuti pemiti ili kuti, ndati ndilibe, akuti next. Sanandigwire koma ndinatuluka miyendo ikunjenjemera sindinabwererenso, mwana pano ali Grade 6

Aphunzitsi ku Cape: Nachisale inuyo ndiye muyambe pano musadikire Grade 12. Khoti la ku Makhanda lomwe lija 2018 pa mlandu wa Naki linanena kuti kusowa pemiti kwa kholo kusalepheretse mwana kulembetsedwa, ndipo 2021 Constitutional Court inatinso bambo yemwe sanakwatirane ndi mayi mwalamulo akhoza kulembetsa mwana mu dzina lake. Koma zomwe khoti lanena ndi zomwe wa pa windo akudziwa ndi zinthu ziwiri, mukapita nokha akubwezani, mukapita ndi kalata ya loya nkhope zimasintha. Pali mabungwe othandiza ulere, Lawyers for Human Rights ali ku Johannesburg ndi Pretoria ndi Durban, kuno ku Cape kuli Scalabrini Centre, palinso Legal Resources Centre omwe anayendetsa mlandu wa Ali uja. Musayembekezere za sabata imodzi, late registration yokha imatha kudya chaka kapena kupitirira, kenako pempho la unzika nalo lidikire. Chaka chino cha sukulu mwina chapita, ndisakunamizeni

Make Tadala: Chaka chonse akhale pakhomo? Mayo ine

Nangozo Leeds: Mayi chaka chimodzi chisakuopseni kwambiri, chomwe chimapha ana ndi kukhala osadziwa kuti akudikira chani. Kuno ku UK kunali mtsikana wa ku Zambia dzina lake Tigere, anabwera ali ndi zaka 6, sukulu yonse anaphunzira konkuno nkukhoza bwino, malo ku yunivesite anapeza koma ngongole ya fizi anamukaniza chifukwa chilolezo chake sichinali chokhazikika, makolo anaovasiteya iye ali mwana osadziwa kanthu. Anakafika mpaka ku Supreme Court 2015 nkuwina, malamulo a ngongole anasintha chifukwa cha iyeyo. Kuno mwana wobadwira konkuno akakhala zaka 10 zoyambirira akhoza kulembetsa kukhala British, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri ndiye makolo ambiri amati tidzapanga chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka mwana wafika pa A level

Mjomba Area 25: Zonsezi mukunena makhoti makhoti, ine ndikuti njira yachidule ilipo. Abwere, amfumu a kwawo ku Ntcheu asaine fomu, NRB imupatse chiphaso cha unzika, apange pasipoti. Akafuna alembere ku NCHE ndi matric yakeyo, amalandira mapepala akunja ofanana ndi MSCE, akasankhidwa apemphe ngongole ku Loans Board ngati mwana wina aliyense wa Chimalawi. Akafunabe za ku Joni komweko apemphe study visa ali kuno alowe pa geti ngati munthu, osati mozemba

Aphunzitsi ku Cape: Apa amjomba mwanena zomveka, imeneyo ndi njira ndithu, ndipo pali pangano la SADC la 1997 loti ana a mmaiko athu ano azilipira fizi ngati eni dziko, kungowonjezera ka levy. Koma tiwerengere. Study visa imafuna kalata ya sukulu, medical aid ya ku South Africa yolipiriratu, umboni wa ku banki kuti ndalama zilipo, kalata ya polisi. NSFAS palibe. Fizi ya digiri chaka chimodzi ndi ma R50,000 uko osawerengera malo ogona ndi mabuku. Ntchito amakulola maola 20 pa sabata basi. Mayi mumalandira zingati, pepani kufunsa pagulu

Make Tadala: R4,500 kwa madam, Loweruka ndimachapa kwina R250. Lendi R1,600

Aphunzitsi ku Cape: Mwaona amjomba. Ndipo mayiwa sangamuperekeze, akangofika pa boda ndi ovasiteyi yopitirira masiku 30 awadinda zaka 5 osalowanso, kamwana kawo kena kamnyamata kali Grade 3 katsala ndi ndani. Chinanso, asanatuluke mwanayu aonane kaye ndi loya, chifukwa mphamvu yake yonse pa 4(3) ndi yoti wakhala muno moyo wake wonse. Osathamangira basi ya Lachisanu

Che Jafali Telala: Chomwe chimandiwawa ine, anzathu a ku Zimbabwe anawapatsa pemiti yapadera kuyambira 2009 uko, pano ikutchedwa ZEP, a ku Lesotho ali nayo yawo, a ku Angola anapatsidwa. Ife Amalawi amene agogo athu anakumba migodi ya kuno nthawi ya Wenela ndi TEBA mpaka mapapo kuola, pemiti yoteroyo sitinapatsidwepo olo kamodzi. Akabwera akuluakulu kuno amangofuna tiwavinire ku holo

Wa ku Mbare: Che Jafali ZEP yo musaisirire kwambiri, anthu amakhala mtima uli mmwamba chaka ndi chaka kudikira ngati awonjezera, ndipo siyikupatsa permanent residence, ana awo akafika 18 amagwa mdzenje lomweli. Ine nkhani ya Tadala ndi ya ine ndemwe. Agogo anachoka ku Dedza wapansi kukagwira mmafamu a fodya ku Rhodesia, bambo anabadwira ku Zimbabwe, ine ndinabadwira ku Harare, koma chitupa changa chinalembedwa alien. Amatitcha mabhurandaya, anthu opanda mutupo, ndiko kuti opanda chiwongo. 2001 anasintha lamulo kuti tikane unzika wa dziko lomwe sitinaliwonepo, ambiri sanathe nkuvota komwe. Mpaka constitution ya 2013 ndi yomwe inatibwezera. Nditapita ku Dedza koyamba kukafuna mudzi wa agogo anthu ankanditchula kuti Mzimbabwe uja. Ndiye amjomba mukamati ndi Mmalawi abwere kwawo, pa pepala nzoona, koma mwanayo akatsika pa depoti ya Lilongwe adzakhala mlendo kuposa mmene alili ku Joni

Mjomba Area 25: Mlendo koma womasuka. Kuno palibe amene timamuletsa sukulu

Nangozo Leeds: Amjomba musatero. Dzaleka ili ku Dowa pompo pafupi ndi inu. Kampu ija inatsegulidwa 1994 yoti mukhale anthu 10,000 kapena 12,000, pano muli opitirira 50,000, muli ana obadwira momwemo omwe pano ndi akuluakulu, Chichewa amalankhula kuposa ana anga, MSCE amakhoza bwino, koma lamulo lathu silimawalola kugwira ntchito kapena kukhala kunja kwa kampu, unzika sitiwapatsa. 2023 tinawatola mmatauni ndi apolisi ndi asilikali, ena kuwasunga kaye ku Maula, mashopu awo kutsekedwa, anthu ambiri ku Area 25 konko ankaombera mmanja kuti Maburundi apite. Ochepa amapulumukira ku ma scholarship ngati a WUSC opita ku Canada kapena maphunziro a pa intaneti a ma Jesuit, otsalawo dipuloma ili mmanja akugulitsa chapati mu kampu. Zomwe akumva Tadala lero ndi zomwe timawamvetsa ife

Mjomba Area 25: Amenewo ndi ma refugee nkhani yake ndi ina

Wa ku Mbare: Kwa mwana wobadwira pamalopo kusiyana kwake nkotani amjomba

Mjomba Area 25: Ndikupita kotseka shopu tikambirana mawa

Che Jafali Telala: Shopu imatsekedwa 2 koloko masana? kkkk

Madala Phiri Germiston: Pomwe akudikira mapepalapo asangokhala. Koma ndikuchenjezeni mayi, ntchito zomwe ana a matric amayambira kuno zonse zimafuna ID, learnership ID, pa till mu shopu ID, usekyurite ukufuna chiphaso cha alonda cha PSIRA, akaunti ya ku banki ID, ndi simu kadi yomwe. Zotsala ndi zathu zomwezi, kuchapa, kulera ana, saluni, lesitilanti yolipira ma tip okha. Ndaona atsikana anzeru akulowa mmenemo kuti ndi za kanthawi, kenako mimba, basi nkhani yatha. Bola aziphunzitsa ana a pa yadi Accounting ndi Maths madzulo makolo azimupatsa kangachepe, mutu usachite dzimbiri

Nachisale wa ku Tembisa: Ameneyo ndiye ayambe ndi wanga wa Maths Lit uja, ndilipira

Make Tadala: Moni ma aunty ndi ma uncle, ndi Tadala ndatenga foni ya mama. Sorry Chichewa changa si chabwino. Ndawerenga zonse. Ine sindikwiyira mama, iwo amaganiza ndakwiya koma ayi, ndinangotopa. Ndinadziwa kuyambira Grade 10 kuti pali vuto pamene anzanga amapita kukatenga smart ID ine ndimanama kuti yanga ikubwera. Ndinkaganiza ndikakhoza kwambiri mwina azapanga exception. Lero mzanga amene ndimamuthandiza homework walembetsa, ine ndinamudikira panja ndi chikwama chake. Ku Malawi ndikufuna kukaona gogo koma sindikudziwa kukhala kumeneko. Uncle Aphunzitsi ngati njira ya 4(3) ndi yoona ine ndidikira olo zaka ziwiri, ndingofuna ndidziwe kuti ndikudikira chinthu chenicheni

Sisi Grace Indiana: Mwana iwe wandiliza ndili mu basi

Aphunzitsi ku Cape: Tadala mwanangu Chichewa chako chili bwino kuposa cha ana anga. Lamulolo ndi lenileni, anthu analandirapo unzika nalo, koma sindikulonjeza kuti zikhala zofewa. Uchite izi usiku uno ndi mama. Mufufuze pepala lililonse la malemu bambo ako. Usonkhanitse malipoti a sukulu onse kuyambira Grade R, kadi ya sikelo, kalata ya ubatizo ngati ilipo, zithunzi za ku kireshi, chilichonse choonetsa kuti chaka ndi chaka unali muno. Ukapemphenso kalata kwa ahedi a ku pulayimale ndi a ku sekondale. Ku yunivesite ulembe imelo yopempha kuti akusungire malo mpaka chaka chamawa, ena amalola ena salola koma pempha, ndipo matric siwola

Make Tadala: Ndabweranso ndine make. Pali chikwama cha malemu chakuda chomwe ankasungamo za ntchito, chili pamwamba pa wadiropu chikhalireni 2021 sindinachitsegule, ndimati ndikachigwira fungo lawo limandipweteka. Tadala wakwera pa mpando akuchitsitsa

Nachisale wa ku Tembisa: Tsegulani mayi tili nanu pompano

Che Jafali Telala: Ine makina ndaimitsa, diresi ya mkwatibwi idikire

Make Tadala: Muli ma payslip akale, pasipoti yawo yoyamba ija, makadi a Lotto ambirimbiri bambo amenewa kkk, chithunzi cha amayi awo. Muli envelopu ya khaki yopindidwa kanayi. Mkati muli pepala lolemba pamanja ndi bolopeni, pamwamba pali chizindikiro cha boma, pansi chidindo cha December 2007. Dzina la Tadala lilipo ndi langa ndi lawo. Ndatumiza chithunzi onani

Adimini: Mayi chithunzicho ndachifufuta msanga, pagulu pano pali anthu 600 ena sitikuwadziwa, mwaona kale a Bho Man. Atumizireni Aphunzitsi ku inbox

Aphunzitsi ku Cape: Ndachiona chisanafufutidwe. Mayi chikuoneka ngati ndi chomwecho, yolemba pamanja ija. Malemu anaimadi pa mzere. Koma loya ndi amene akatsimikize ngati inalowa mu kaundula wawo, ine ndisakuvinitseni msanga. Ndaonanso kanthu kena, pa pepalapo dzina la bambo alemba ndi h pakati, Bhanda, pomwe inu mumalemba Banda. Pa matric palembedwa chani?

Make Tadala: Banda wopanda h. Tsiku lobadwa ndi lomwelo

Aphunzitsi ku Cape: Chabwino, chimenecho mukachinene poyambirira pomwe, pangafunike afidaviti ina yoti ndi munthu mmodzi. Musalipinde pepalalo kenanso, musaliike laminating, mukapange mafotokope atatu muwadinditse ku polisi, lenilenilo musamusiyire munthu aliyense olo atavala tayi

Nachisale wa ku Tembisa: Mupita liti? Ine Lachinayi ndili off ndikuperekezani, nditengenso kapepala ka wanga wa Grade 6 uja ndikamve nawo

Make Tadala: Lachinayi madam ali ndi alendo koma ndiwapempha mawa, akakana Tadala apita ndi inu Nachisale. Ma taxi ake ndi angati kuchoka kuno kukafika mtauni?

Madala Phiri Germiston: Awiri, mukatsika pa renki muyende pang'ono. Muyambe mwaimba foni kapena kulemba uthenga, malo ena safuna ongofika. Ndipo mupite mmawa, mutenge ndi mkate mmatumba

Che Jafali Telala: Ya taxi ya anthu atatu ndilipira ine, Nachisale nditumizire nambala. Make Tadala mwanayo wadya?

Make Tadala: Akutenthetsa ndiwo pano, nsima ija inazizira ndaphika ina